MBIRI YA MPIRA WA M'SUKULU ZA M'BLANTYRE

Mawu Oyamba

Munthu woyenda masana pa msewu wa ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa nthawi ya chilimwe, akamva mfuu waukulu wa ana ndi kuona fumbi likukwera kuseri kwa nyumba za sukulu, asadabwe. Kumeneko kuli mpira. Sukulu ziwiri zakumana, ndipo ina mwa izo ibwerera kwawo ndi nyimbo, pamene inzake ibwerera mwakachetechete.

Ine ndidabadwira m'Ndirande, ndipo ndaphunzitsa m'sukulu za mumzinda uno zaka zoposa 20. M'kabuku kano ndifuna kukuuzani, inu anzanga amene mwayamba kuwerenga mutakula, kumene mpira wa m'sukulu udachokera, m'mene udakulira, ndi m'mene zikho zake amazipikisanirana. Ambiri a inu muli ndi ana m'sukulu zimenezi, chotero nkhaniyi ndi yanu.

Kumene Mpira Udachokera

Mpira wa miyendo umene tiudziwa lero udakulira m'sukulu za ku England. Sukulu zazikulu monga Eton ndi Harrow zinkasewera iliyonse ndi malamulo akeake, kotero kuti anyamata ochokera m'sukulu zosiyana akakumana, mkangano unkayamba mpira usadayambe. Pofuna kuthetsa vuto limeneli, anthu adasonkhana mu London m'chaka cha 1863 nalemba malamulo amodzi oti onse aziwatsata. M'chaka cha 1872 dziko la Scotland lidasewera ndi dziko la England mumzinda wa Glasgow, ndipo panalibe wogoletsa chigoli. Amenewa ndiwo adali masewero oyamba a pakati pa maiko awiri.

Patangopita zaka zinayi, m'chaka cha 1876, amishoni a mpingo wa ku Scotland adafika pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, namanga mishoni imene adaitcha Blantyre, potengera dzina la mudzi umene adabadwirako Dr David Livingstone. Anthu amenewa adachokera ku dziko limene mpira udali utagwira kale mitima ya achinyamata. Pamodzi ndi mabuku ndi masileti adabweretsanso masewero a kwawo, ndiwo mpira ndi kiriketi. Kiriketi sidazike mizu pakati pa anthu athu, koma mpira udamera msanga, pakuti sufuna zipangizo zambiri. Malo osalala, miyala inayi yoimira magolo ndi chinthu chozungulira, basi masewero ayambika.

Amishoniwo sadabweretse mpira kuti ukhale chosangalatsa chabe. Iwo ankati mwana wosewera pamodzi ndi anzake aphunzira kumvera lamulo, kudikira nthawi yake, ndi kulandira kugonja popanda ndewu. Chotero kuyambira pachiyambi mpira m'dziko muno udali mbali ya maphunziro, ndipo woyang'anira wake woyamba adali mphunzitsi.

Sukulu Zoyamba Kupikisana

M'chaka cha 1909 pa mishoni ya Blantyre padatsegulidwa sukulu ya Henry Henderson Institute, imene tonse tiitchula kuti HHI. M'chaka cha 1940 kudatsegulidwa Blantyre Secondary School, sukulu ya sekondale yoyamba m'dziko lonse la Nyasaland, pafupi ndi Ndirande. Zomba Catholic idatsatira m'chaka cha 1942, ndipo Boma lidatsegula yake ku Dedza m'chaka cha 1951. Popeza sukulu za sekondale zidali zowerengeka chomwechi, kukumana kwa ziwiri pa bwalo kudali nkhani yaikulu, ndipo anyamata ovala malaya a timu ya sukulu ankaonedwa ngati akuluakulu.

Tisaiwale kuti masiku amenewo mpira udali wogawika monga dziko lomwe lidali logawika. Azungu adali ndi makalabu awo ndi bungwe lawo, anthu akuda nawonso lawo. Mabwalo abwino a udzu adali a makalabu a Azungu. Mwana wa munthu wakuda akafuna bwalo lokonzedwa, mpira weniweni wachikopa ndi munthu womuphunzitsa malamulo, malo amene akadazipeza zonsezi pamodzi adali pa sukulu.

Nthawi yomweyo mzinda udali kukula. Blantyre ndi Limbe zidalumikizidwa m'chaka cha 1956. Anthu ochokera ku Chiradzulu, ku Thyolo, ku Mulanje, ku Ntcheu ndi kumpoto komwe ankabwera kudzafuna ntchito, namanga nyumba m'Ndirande, m'Soche, ndipo pambuyo pake m'Bangwe, m'Chilomoni ndi m'Zingwangwa. Machinjiri adadzakula mochedwerapo. Anthu amenewa adali osiyana zilankhulo, mipingo ndi miyambo. Koma ana awo ankaphunzira pa sukulu imodzi, ndipo sukuluyo ikapita kukasewera ndi ya dera lina, Mlomwe, Myao, Mngoni ndi Mtumbuka ankaimba nyimbo imodzi. Timu ya sukulu ndiyo idayamba kuphunzitsa anthu a m'makomboni kunena kuti "kwathu" akutanthauza Ndirande kapena Bangwe.

Phunziro Lowawa ndi Zaka za Ulemerero

M'zaka za m'ma 1950 ku Chichiri kudamangidwa bwalo lalikulu lotchedwa Rangeley, potengera dzina la mkulu wa Boma m'chigawo cha Kummwera. Pa bwalo limeneli mpamene mbendera yathu idakwezedwa pamene tinkalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, ndipo lero tilitcha Kamuzu Stadium.

Zaka ziwiri ufulu usadafike, m'chaka cha 1962, timu ya dziko la Ghana idabwera kuno nigonjetsa timu ya Nyasaland ndi zigoli 12 kwa 0. Mpaka lero Malawi sadagonjepo moposa pamenepo. Manyazi amenewo adaphunzitsa anthu kuti luso lobadwa nalo silikwanira palokha, koma lifuna kusulidwa mwana akali wamng'ono.

Bungwe la Football Association of Malawi lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1966, ndipo bungwe la Boma loyang'anira masewero onse, la Malawi National Council of Sports, m'chaka cha 1974. M'chaka cha 1967 osewera ena adachoka ku timu ya Wanderers nayambitsa timu ya Bullets, ndipo udani wa matimu awiriwa, umene ugawa mabanja m'Ndirande ndi m'Bangwe mpaka lero, udayambira pamenepo. Makampani adatenga matimu nawapatsa maina awo: Bata Bullets, Limbe Leaf Wanderers, ADMARC Tigers, Hardware Stars, MDC United. Mnyamata wodziwa mpira akamaliza sukulu ankatha kulandira malo mu timu pamodzi ndi ntchito pa kampani. Chifukwa cha ichi akuluakulu a matimu sankasowa pa masewero a sukulu. Ankaima m'mbali mwa bwalo monga ogula pa msika wa ng'ombe.

Zipatso zake zidaoneka. Malawi adatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa m'chaka cha 1978, atagonjetsa Zambia 3 kwa 2, nachitenganso m'chaka cha 1979, ndi kachitatu m'chaka cha 1988. M'chaka cha 1984 adapita koyamba ku mpikisano wa Africa yense ku Ivory Coast, ndipo m'chaka cha 1987 adakhala achitatu pa masewero a All-Africa Games ku Nairobi. Kinnah Phiri, amene adagoletsera dziko lino zigoli zambiri kuposa wina aliyense, adadziwika akali mwana wa sukulu ku Chaminade, m'boma la Karonga. Ichi chitisonyeza kuti maso a oyang'anira mpira ankafika ngakhale ku sukulu za kutali ndi Blantyre.

Nawo a m'makoleji sadatsalire. University of Malawi idayambira ku Chichiri m'chaka cha 1965, ndipo Chancellor College idasamukira ku Zomba m'chaka cha 1973, kusiya Polytechnic pafupi ndi bwalo lalikulu. Kuyambira pamenepo kukumana kwa ophunzira a ku Zomba ndi a ku Blantyre kudakhala mpikisano wa mtima bii. Padali nthawi imene timu ya ophunzira, University FC, inkasewera mu ligi yaikulu pamodzi ndi Bullets ndi Wanderers.

M'mene Chikho Amachipikisanirana

Masewero a m'sukulu amayendetsedwa ndi aphunzitsi eni ake kudzera m'bungwe la Malawi Schools Sports Association. Mpikisano uyambira pafupi. Sukulu zoyandikana, zimene zili m'zoni imodzi, zisewera zokhazokha. Yopambana ikumana ndi zopambana za m'mazoni ena a mumzinda, kenaka za m'chigawo, ndipo potsiriza za dziko lonse. Chotero timu yochokera ku South Lunzu m'Machinjiri, kapena ku Makata m'Ndirande, iyenera kuyamba yagonjetsa anansi ake isadaganize za Lilongwe kapena Mzuzu.

Njira zopezera wopambana zilipo ziwiri. Yoyamba ndiyo ya ligi, m'mene timu iliyonse isewera ndi anzake onse. Yopambana ilandira mapointi 3, zofanana mphamvu zilandira pointi imodzi iliyonse, ndipo yogonja silandira kanthu. Kale wopambana ankalandira mapointi 2. A ku England adasintha m'chaka cha 1981 pofuna kuti matimu azilimbikira kugoletsa, ndipo maiko ena adatsatira, makamaka kuyambira pa World Cup ya 1994. Mapointiwo amawalemba pa mndandanda, wa mapointi ambiri pamwamba. Matimu awiri akafanana mapointi, amawerenga zigoli zimene timu yagoletsa nachotsapo zimene yagoletsedwa. Timu imene yagoletsa 9 nigoletsedwa 4 itsala ndi 5, ndipo ikhala pamwamba pa imene yagoletsa 10 nigoletsedwa 7, pakuti iyo itsala ndi 3. Ndaona ana amene amathawa masamu m'kalasi akuwerengera mndandanda umenewu mosaphonya.

Njira yachiwiri ndiyo ya chipulula. Wogonja atuluka tsiku lomwelo, ndipo nthawi ikatha matimu ali ofanana, amaponya mapenate. Kawirikawiri mipikisano ya sukulu iyamba ndi magulu a ligi, ndi kutsiriza ndi chipulula.

Mpikisano ufuna ndalama za mipira, malaya, ulendo ndi mphatso. Kwa zaka zambiri chikho chodziwika kwambiri m'sukulu za sekondale chidali cha Coca-Cola. Khonsolo ya mzinda wa Blantyre idakhazikitsanso Chikho cha Meya cha sukulu za pulayimale, cha mpira wa miyendo ndi wa manja. Chovuta nchakuti wothandiza akachoka, chikho chimagona, ndipo ana a zaka zimenezo amadutsa m'sukulu osaonedwa ndi munthu.

Chaka cha 1994 ndi Mabwalo Athu

M'chaka cha 1994 Boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale. Ana olembedwa m'sukulu adachuluka kuchokera pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ichi chidali chinthu chabwino kwambiri, pakuti ana a amphawi adalowa m'kalasi. Ine ndidali mu Sitandade 8 nthawi imeneyo, ndipo ndikumbukira ana a makalasi aang'ono akuphunzira pansi pa mitengo ndi pa bwalo la mpira lomwe.

Ana ochulukawo adafuna zipinda, ndipo m'makomboni malo opanda nyumba adali bwalo lokhalo. Pa sukulu zina zipinda zatsopano zidadya mbali ya bwalo. Pa zina anthu adamanga nyumba ndi magolosale m'malire, njira za anthu oyenda pansi nizidutsa pakati. Mphunzitsi wokhala ndi ana oposa 100 m'kalasi adalibenso mphamvu yotsala masana kuti aphunzitse mpira. Nthawi yomweyo makampani ambiri amene ankasunga matimu adafooka kapena kutsekedwa. Ana sadaleke kusewera. Mpira wachikulunga, womangidwa ndi majumbo ndi zingwe, ukali kugubuduzika m'tinjira ta m'Chilomoni. Koma kusewera m'njira popanda woimbira sikufanana ndi kuphunzira mpira.

Nthenda ya Zaka

Tsopano ndifike pa chinthu chimene chawononga zikho zambiri. Kale ana ankayamba sukulu mochedwa, ndipo sichidali chachilendo kuona mnyamata wa ndevu mu Sitandade 6. Iye adali mwana wa sukulu weniweni, ndipo panalibe bodza. Koma pamene mipikisano idayamba kuika malire a zaka, ndi mphatso zake nizikula, kudabwera chinyengo cha mitundu iwiri: kuchepetsa zaka za mwana, ndi kulowetsa munthu amene si wa pa sukulupo konse.

Pa ichi sindiloza ena chala, pakuti ndidachichitapo ndekha. Ndili mphunzitsi wamng'ono, woyang'anira masewero pa sukulu ina m'tsinde mwa phiri, timu yathu idafika pa ndime yotsiriza ya m'zoni. Akuluakulu ena a m'deralo adabwera kunyumba kwanga madzulo ndi mnyamata wina wamtali amene adaleka sukulu kalekale, ndipo ankaitanira minibasi pa siteji. Iwo adati anzathu a sukulu inayo achita chimodzimodzi, nanga ife tikhalirenji opusa. Ndidavomera. Tidamulemba pa dzina la mnyamata wa Sitandade 7, wochepa thupi, amene sadajombepo ku zokonzekera chaka chonsecho.

Tidapambana 2 kwa 0, ndipo zigoli zonse ziwiri adagoletsa mlendoyo. Chikho chidazungulira msika wonse. Lolemba lake pa mzere wa m'mawa adawerenga dzina la wogoletsa, ana onse nayang'ana mwini dzina, naseka. Poweruka iye adandipeza pakhomo pa ofesi nati, "Aphunzitsi, dzina langa lasewera, ine mwini ndili panja." Ndidalibe choyankha. Teremu yotsatira sadabwerenso, ndipo ndidamva kuti adapita kwa agogo ake kumudzi. Sindinganene kuti mpira wokha ndiwo udamuchotsa, koma ndidziwa kuti chimene chinkamudzutsa m'mawa kubwera ku sukulu ndidachipereka kwa munthu wina. Chikhocho chidakhala pa kabati chonyezimira, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Nthendayi si ya kuno kokha. Kuyambira m'chaka cha 2009 bungwe la FIFA lidayamba kuunika mafupa a pa dzanja a anyamata osewera mpikisano wa osapitirira zaka 17, pogwiritsa ntchito makina a kuchipatala, ndipo maiko angapo a mu Africa adachititsidwa manyazi. Kuno kwathu Boma lidalemba nzika ndi kupereka ziphaso m'chaka cha 2017, ndipo ana obadwa tsopano ayenera kulembedwa m'kaundula. Zimenezi zithandiza. Koma mphunzitsi wamkulu safuna makina kuti adziwe mwana wake. Kaundula wa kalasi ali m'dirowa mwake.

Chinyengochi chipweteka ngakhale timu ya dziko. Mnyamata wa zaka 20 akasewera ndi ana a zaka 14 apambana ndi thupi, ndipo saphunzira kanthu. Ana eni ake, amene akadakula nakhala akatswiri, atsala kunja kwa bwalo. Pakutha pa zaka zisanu wamkulu uja watopa, ndipo wamng'ono uja adaleka kalekale.

Zolimbitsa Mtima

Tisataye mtima, pakuti mbewu ikalipo. M'chaka cha 2010 timu ya Flames, mphunzitsi wake ali Kinnah Phiri, idagonjetsa Algeria 3 kwa 0 ku Angola. Mu Januwale 2022 ku Cameroon idadutsa ndime ya magulu kwa nthawi yoyamba, ndipo Gabadinho Mhango adagoletsa chigoli chakutali chimene dziko lonse lapansi lidachiona, ngakhale Morocco idapambana 2 kwa 1.

M'chaka cha 2022 bungwe la mpira la Africa lidayambitsa mpikisano wa sukulu za mu Africa yense, wa anyamata ndi wa atsikana. Pa ndime yotsiriza ku Durban m'chaka cha 2023, anyamata a Salima Secondary School adakhala achitatu. Chaka chomwecho timu ya amayi ya Scorchers idatenga chikho cha COSAFA itagonjetsa Zambia 2 kwa 1, ndipo Temwa Chawinga, amene adasewerapo mumzinda uno, adasankhidwa wosewera woposa onse mu ligi ya amayi ku America m'chaka cha 2024. Iye ndi mkulu wake Tabitha adachokera ku Rumphi, ndipo atsegula maso a makolo amene ankati mtsikana ndi wa mpira wa manja wokha. Ngati sukulu ya ku Salima idafika ku Durban, palibe choletsa sukulu ya ku Zingwangwa kapena ku Bangwe.

Mawu Otsiriza

Mbiri imeneyi itiphunzitsa kuti mpira wa m'sukulu udayenda bwino pamene padali zinthu zitatu: bwalo, mphunzitsi wodzipereka, ndi kaundula woona. Zonse zitatuzi zili m'manja mwa anthu a m'dera, ndipo inu makolo muli ndi mawu pa izo.

Mukamva pa msonkhano wa komiti kuti afuna kumanga pa bwalo, funsani ngati palibe malo ena. Munthu akasuntha malire a sukulu, musakhale chete. Mwana wanu akabadwa, mulembetseni, ndipo sungani chiphaso chake pamalo pouma. Tsiku la masewero pitani mukaonerere, ndipo tsopano popeza mudziwa kuwerenga, pemphani kuona pepala la maina a osewera. Werengani dzina lililonse ndi kuyang'ana nkhope ya mwini wake. Ngati dzina ndi nkhope sizigwirizana, nenani kwa aphunzitsi aakulu, ngakhale timuyo ikhale ya ana anu omwe.

Pa sukulu imene ndiyang'anira lero, pepala la maina ndimalisaina ndekha, kaundula ali pambali panga. Zaka zina tatuluka m'ndime yoyamba, ndipo ena andinena kuti ndine wouma mutu. Koma akale adati m'mera mpoyamba, ndipo ana 11 amene amalowa m'bwalo Lachisanu ndimawapeza onse m'kalasi Lolemba.